George Pauling, Womanga Njanji

Pamene Mkonzi wa magazini yathu ino anatipempha kuti tilembe mbiri za anthu omveka amene anafa kale, ambiri a ife anathamangira maina a mafumu, a abusa ndi a ankhondo. Ine ndasankha munthu amene sanali mfumu kapena mbusa, koma womanga njanji, dzina lache George Pauling. Ndiyambe ndakuuzani chimene chinandifikitsa pa munthu ameneyu, pakuti sindinachite kumfunafuna ine, koma funso la agogo anga ndilo linandiperekeza kwa iye.

Pa tchuthi chapitachi ndinali kucheza ndi agogo anga aamuna pakhonde, ndipo anandisimbira za ulendo wao wa ku Halale, pamene anali mnyamata wopita kukafuna nchito. Anakwera sitima ku Limbe, natsikira ku chigwa cha Shire, naoloka Zambezi pa ulalo wautali wa pa Dona Ana, nafika pa Dondo pafupi ndi Beira. Pamenepo anasintha sitima, nakwera ina yolowera kumadzulo. Chimene sanaiwale kufikira lero ndi ichi: itayandikira mapiri a m'malire, sitima ija inayamba kukhotakhota ngati njoka, kotero kuti munthu wa m'bogi la kumbuyo anali kuiona injini pa zenera, mwina kudzanja lamanja, mwina kulamanzere. Tsono anandifunsa ine, popeza ndine wa sukulu, kuti Azungu aja analekeranji kungoongola njira yao. Ndinachita manyazi chifukwa ndinalibe choyankha. Nditabwerera kuno ndinafunsa aphunzitsi athu a masamu ndi a mbiri yakale, ndinawerenganso m'laibulale, ndipo ponseponse ndinali kukomana ndi dzina lomwelomwelo.

George Pauling anabadwa ku England m'chaka cha 1854. Atate wache anali mmisiri wa njanji amene anagwirako nchito ku India, koma pakhomo pao ndalama sizinali kugona, chotero George anayamba kudzigwirira nchito akali mnyamata. Umisiri wache anauphunzira pa nchito penipeni, pakati pa mapiki ndi mawilibala, osati m'kalasi monga tichitira ife. M'chaka cha 1875 anakwera chombo kupita ku South Africa. Masiku amenewo dayamondi anali atapezeka ku Kimberley, ndipo Boma la ku Cape linali pa liwiro la kumanga njanji zolowa kumtunda. Nchito yache yoyamba yomveka inali ya kuboola phiri pafupi ndi Grahamstown kuti sitima izidzera pansi. Posakhalitsa anayamba kampani yache pamodzi ndi mbale wache, namanga njanji ya ku Port Alfred, ndiponso chigawo chotsiriza cha njanji imene inafika ku Kimberley mu 1885. Analemera nasaukanso kangapo, kufikira pamene eni banki a banja la d'Erlanger anamkhulupirira nayamba kumbwereka ndalama.

Amene anamuona amati chinali chimunthu chachikulu, champhamvu zoopsa. Imasimbidwa nkhani yakuti anali kusenza kavalo wamng'ono pa mapewa nazungulira naye tebulo la masewera, anzache ali kuomba m'manja. Analinso wakudya kwambiri ndi wakumwa kwambiri, ndipo izi sindizilemba kuti tizitsanzire ai. Koma mphamvu imene inamveketsa dzina lache sinali ya m'mapewa. Inali ya kuyang'ana dziko ndi maso, ndi kudziwa ndalama zimene dzikolo lidzadya njanji isanadutsepo.

Kuti timvetse mphatso imeneyi tiyenera kusiyanitsa anthu awiri. Pali injiniya, amene amayenda ndi zoyesera zache nalemba pa pepala njira imene njanji idzadzera. Pa njanji zambiri za Cecil Rhodes injiniya wotere anali Sir Charles Metcalfe. Palinso kontalakitala, amene amalonjeza kumanga njanjiyo pa mtengo wakutiwakuti. Akatchula mtengo wokwera, nchito imapita kwa wina. Akatchula wotsika, zopereŵerazo amalipira za m'thumba mwache. Pauling anali kontalakitala. Iye mwini anali kuyenda m'njira imene yalembedwa, pa kavalo, pa ngolo kapena pansi, ali kuyang'ana: apa pali thanthwe lofuna onga, apa dothi lofewa la khasu, apa mtsinje wofuna ulalo, apa palibe madzi a anchito ngakhale a injini. Anali kuganiziranso za mtunda wonyamula zitsulo, za ufa wa anchito, ndi za miyezi ya dzinja pamene nchito imaima. Atatha kuona zonsezi anali kutchula mtengo wa mailo imodzi, ndipo popeza anali kumanga msanga ndi motsika mtengo, Rhodes anali kubwerera kwa iye chaka ndi chaka.

Tsono tifike pa njanji ya agogo anga. Mu September 1890 gulu la Azungu otumidwa ndi kampani ya Rhodes, British South Africa Company, linafika m'dziko la Amashona, nilimanga linga pamalo pamene anatcha Salisbury, pamene lero pali mzinda wa Harare. Anadza kudzafuna golide ndi minda m'dziko la eni ache. Koma walira mvula walira matope. Katundu wao yense, kuyambira mchere kufikira makina a m'migodi, anali kubwera pa ngolo za ng'ombe kuchokera kumwera, ulendo wa miyezi ingapo, ndipo pofika mtengo wache unali utakwera koopsa. Chonsecho nyanja yamchere inali pafupi chakum'mawa, pa matsiriro a mtsinje wa Pungwe pamene pali Beira, mtunda wosafika mamailosi 400.

Pakati pa Salisbury ndi nyanjayo panali zopinga zitatu: malire, kashembe ndi mapiri. Tiyambe ndi malire. Mapiri a Manica, kwao kwa Amanyika a mfumu Mutasa, anali kulimbiranidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi, onse awiri alendo, ndipo mu May 1891 anaomberana mfuti pa Macequece. Mu June chaka chomwecho maboma a ku London ndi ku Lisbon analemba pangano la kugawana dziko. Gombe ndi chigwa zinakhala za Apwitikizi, dziko lokwera la kumadzulo linakhala la Angerezi, ndipo anapangana kuti pamangidwe njanji yochokera ku Pungwe kukafika m'malire. Pangano lomweli ndilo linaika malire a dziko lathu lino ndi Mozambique, nilitsegula Zambezi ndi Shire kuti zombo za mitundu yonse ziziyendamo. Chotero nkhani imeneyi si ya kutali ndi ife.

Chopinga chachiwiri chinali kashembe. M'nkhalango za pakati pa Pungwe ndi Chimoio nchenche imeneyi inali yochuluka, ndipo ng'ombe zolowamo zinali kuonda ndi kufa. Amene anayesa kudutsa ndi ngolo mu 1891 anazisiya m'thengo, katundu natsala kuyenda pa mitu ya amtengatenga. M'chaka cha 1892 inakhazikitsidwa Beira Railway Company, ndipo nchito yomanga anampatsa Pauling. Popeza ndalama zinali zochepa, maganizo oyamba sanali a kufika ku mapiri, koma a kungodumpha dziko la kashembe, kuti ngolo zizilandira katundu kutsidya kwache. Ngakhale pa Beira penipeni sanayambire ai. Anayambira pa Fontesvilla, mamailosi ngati 35 chakumtunda, ndipo zitsulo zinali kufika pamenepo pa timasitima ta pamadzi tokwera Pungwe.

Apa ndipo pali masamu amene anandikondweretsa. Njanji za ku Cape zinali za mapazi 3 ndi mainchesi 6 pakati pa chitsulo ndi chinzache, monga ziri zathu za kuno. Koma ya ku Beira anaichepetsa, naiika mapazi 2 okha. Chitsulo chache chinali cholemera mapaundi 20 pa yadi imodzi, pamene cha njanji yaikulu chinali kulemera mapaundi 60. Ndinakhala pansi ndi pensulo. Mailo imodzi iri ndi mayadi 1,760, ndipo zitsulo ziri mbali ziwiri. Chotero mailo imodzi ya njanji yaing'ono ifuna matani 31, pamene ya yaikulu ifuna matani 94. Pa mamailosi 222, ndiwo mtunda wa pakati pa Beira ndi Umtali pa njira yoyambayo, kusiyana kwache ndi matani pafupi 14,000, onse ogula ku Ulaya, okweza m'chombo ndi otsitsa pa gombe lamatope. Si zokhazo. Njanji yopapatiza imatha kukhota pafupipafupi, chotero imazungulira thanthwe m'malo mwa kuliswa. Mitanda yache ndi yaifupi, dothi louunjika pansi pache ndi lochepa, maulalo ache ndi opepuka. Pa pepala zonse zinaoneka zanzeru.

Pa nchito penipeni Pauling anaika mnzache Alfred Lawley kukhala woyang'anira wamkulu, ndipo anayamba mu 1892. Chigwa cha Pungwe ndi chathyathyathya ndi chamadambo. Mvula ikagwa mtsinje unali kusefukira, nukokolola dothi limene anthu anaunjika miyezi yambiri ndi makasu, mafosholo ndi madengu. M'madzi munali ng'ona, ndipo usiku mikango inali kuzungulira misasa. Mu 1893 anatha mamailosi 75, mu 1894 anafika ku Chimoio, ndipo mu 1896 analumikiza Fontesvilla ndi Beira. Amati timasitima tache tinali kuchoka m'njanji kawirikawiri, apaulendo natsika kuthandiza kutibwezera. Chaka chomwecho cha 1896 Amandebele ndi Amashona anaukira ulamuliro wa Kampani, ndipo asilikali a Angerezi amene anadza kudzawagonjetsa ena anatsikira pa Beira nakwera njanji yomweyi. Tisaiwale ichi: njanjiyi sinali ya malonda okha, inalinso chingwe chomangira dziko.

Koma mdani woposa madzi ndi mikango anali malungo. Mabuku a mbiri ya njanjiyi amati m'zaka zoyambazo mwa Azungu 10 ali onse anafa 6, ndi kuti Amwenye ngati 500 amene anatengedwa kudzagwira nchito, pafupi onse anathera komweko. Nanga anthu akuda, amene anali ochuluka koposa onse ndipo ndiwo anali kuima m'matope tsiku lonse? Iwonso anafa ambiri ndi malungo ndi kamwazi, kutali ndi midzi yao. Masiku amenewo anthu anali kuyesa kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo, ndipo Pauling mwini anali kukhulupirira kuti wakudya bwino ndi kumwa moŵa ndiye amapulumuka. Munali mu 1897 pamene dokotala Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Ife amene timagona m'masikito m'nyumba zathu zogonera tikudziwa chimene bwana wamkuluyo sanachidziwe.

Tsopano tifike pa chopinga chachitatu, ndicho mapiri, pamene pali yankho la agogo anga. Beira ali m'mphepete mwa nyanja, koma Umtali, amene lero ndi Mutare, ali pamwamba mapazi oposa 3,600. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo limaterereka, chotero sitima siingakwere chitunda monga amakwerera munthu kapena mbuzi. Aphunzitsi athu a masamu anandipatsa chitsanzo ichi. Tiyerekeze kuti injini yokoka katundu ingathe kukwera phazi 1 pa mapazi 50 ali onse amene iyenda. Kuti ikwere mapazi 3,600 iyenera kuyenda mapazi 180,000, ndiwo mamailosi 34 a chitunda chokhachokha. Koma dziko silikwera mofanana ponse. Pali malo pamene limakwera mapazi 500 m'kati mwa mailo imodzi, ndipo pamenepo injini yathu ifuna mapazi 25,000, ndiwo mamailosi pafupi 5. Kodi mamailosi anai enawo achokera kuti? Achokera m'kukhota. Mmisiri amatalikitsa njira dala, naizunguliza m'nthiti mwa phiri, nailowetsa m'zigwembe ndi kuitulutsanso, kuti chitunda chigawike pang'onopang'ono. Kuongola kungatheke pena, koma kumafuna kuboola phiri kapena kumanga ulalo wautali pa phompho, ndipo zimenezo zimadya ndalama zochuluka kuposa kukhota. Chotero pokhota pali ponse pamene agogo anaona panali chiweruzo cha munthu wina amene anayerekeza mitengo iwiri nasankha wochepa.

Chitsanzo chodabwitsa koposa cha chiweruzo chotere ndi mudzi wa Umtali. Azungu anali atamanga kale mudzi wao, ndi nyumba, masitolo ndi maofesi a Boma, kuseri kwa mapiri. Pakati pa mudziwo ndi njira ya njanji panali chitunda chachikulu chotchedwa Christmas Pass. Atawerengera, anaona kuti kukweza njanji pamenepo kapena kuboola phirilo kudzadya ndalama zambiri kuposa kumanga mudzi wina. Chotero mu 1896 Rhodes anauza anthu a ku Umtali kuti njanji siidzafika kwa iwo, koma iwo ndiwo apite ku njanji. Kampani inawalipira, iwo nagumula malata, zitseko ndi mazenera, nakweza pa ngolo, nasamukira mamailosi ngati 10 kutsidya kwa phiri. Nyumba zimene zinatsala zinaperekedwa kwa Bishopu Joseph Hartzell wa mpingo wa Methodist wa ku America, nizisanduka mishoni ya Old Umtali. Kumeneko kuli sukulu ya sekondale ya dzina lache, ndipo pafupi pomwepo inatsegulidwa Africa University mu 1992. Ophunzira anzathu a kumeneko amaphunzira pamalo pamene anasiyidwa chifukwa cha samu ya chitunda.

Sitima yoyamba inalowa mu Umtali watsopano mu February 1898, patapita zaka zoposa zisanu chiyambire nchito. Koma chimwemwe sichinakhalitse. Njanji yopitirira ku Salisbury, imenenso anamanga a Pauling, inali yaikulu ija ya mapazi 3 ndi mainchesi 6, ndipo inafika mu May 1899. Tsono thumba liri lonse ndi bokosi liri lonse linayenera kutsitsidwa m'bogi laling'ono ndi kukwezedwa m'lalikulu. Kanjanji kaja kanalepheranso kunyamula katundu yense amene anali kuunjikana pa doko. Panalibe kuchitira mwina koma kukazula ndi kuyala njanji yaikulu, ndipo nchito imeneyi inatha mu August 1900. Eni ndalama analipira kawiri njira imodzi, ndipo amene analandira nchito yachiwiriyo anali Pauling yemweyo. Ndinafunsa aphunzitsi ngati kusankha njanji yaing'ono kunali kupusa. Iwo anandiyankha kuti ndisafulumire kuweruza, pakuti mu 1892 ndalama za njanji yaikulu panalibe, ndipo munthu amavala nsalu imene ali nayo. Komabe anavomera kuti chinthu chotsika mtengo lero chimatha kukudikira kutsogolo ndi ngongole yache.

M'zaka zomwezo Pauling anali ndi nchito inanso chakumwera. Mu 1894 anafikitsa njanji ku Mafeking kuchokera ku Vryburg. Mu 1896 mliri unapha ng'ombe zosawerengeka, ngolo niziima, ndipo Rhodes anamuumiriza kuti athamangire ku Bulawayo. Anthu ache anayala mamailosi ngati 400 m'masiku ngati 400, mwina kungoyala zitsulo pa mchenga wa mitsinje youma ndi kusiya maulalo kuti adzamange m'mbuyo, ndipo njanjiyo inatsegulidwa mu November 1897. Taonani kusiyana kwache: m'dziko losalala ndi louma mailo imodzi pa tsiku, koma m'madambo ndi m'mapiri a kum'mawa mamailosi 222 m'zaka zisanu. Rhodes anamwalira mu 1902, koma nchito inapitirira. Njanji inafika pa mathithi a Victoria Falls mu 1904, ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, mu 1906, m'malire a Congo mu 1909, ndi ku Elisabethville, kumene lero ndi Lubumbashi, mu 1910. Ulalo wa pa mathithi unamangidwa ndi kampani ina, koma wa pa Kafue ndi wa a Pauling.

Atakalamba anakhazikika ku Effingham, m'dera la Surrey ku England. Anali Mkatolika, ndipo anamangitsa tchalitchi m'mudzimo ndi ndalama zache. Anamwalira mu February 1919 ali ndi zaka 64. Mbiri ya moyo wache, imene analemba iye mwini, inasindikizidwa mu 1926 ndi dzina lakuti Chronicles of a Contractor.

Njanji yache ya ku Beira inadzakhala khomo la dziko lathunso. Yathu yoyamba, yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi Nsanje, kudzera ku Chiromo ndi kukwera mapiri kufika ku Blantyre, inatsegulidwa mu 1908, ndipo nayonso imakhota pa chifukwa chomwechi. Mu 1922 inatha njanji yochokera pa Dondo kufika pa Zambezi, ndipo mu 1935 unatsegulidwa ulalo uja anaolokapo agogo. Ngongole za njanji ndi ulalo zimenezi zinalemetsa Boma la Nyasaland zaka zambiri, kutanthauza kuti ndalama zimene zikadamanga masukulu ndi zipatala zinali kupita kukabweza ngongole. Pa njira imeneyi panatuluka tiyi ndi fodya wathu, panatulukanso anyamata athu ambiri opita ku minda ndi ku migodi ya kumwera, ena nabwerako ndi njinga ndi masutikesi, ena nasanduka matchona.

Nanga munthu ameneyu timuyese wotani? Ine ndikufuna kudzakhala injiniya ndikatha sukulu, ndipo sindingabise kuti ndimasirira luso lache. Sanali munthu wa mu ofesi wongolamula. Anali kupita yekha kukaponda dothi, anali kudwala malungo monga anzache, ndipo akagwa m'ngongole anali kudzuka ndi kuyambanso. Anadziwa kuti phiri sulimbana nalo, umapangana nalo. Koma pamene ndinali kuchita masamu aja a matani ndi mapazi, ndinaona kuti pa pepala langa panalibe malo olembapo munthu wakufa. Pa pepala la Pauling panalibenso. Chitsulo chinali ndi mtengo, onga unali ndi mtengo, ngakhale zitseko za Azungu a ku Umtali zinalipiridwa. Koma dziko la Amanyika linagawidwa ku Ulaya eni ache osafunsidwa, ndipo mai amene mwana wache anakwiriridwa m'mphepete mwa Pungwe sanalowe m'chiwerengero cha mailo imodzi. Timainjini tija titchedwa Lawley kufikira lero, dziko lonse linatchedwa ndi dzina la Rhodes zaka zambiri, koma amene anasenza madengu mabuku amangowatcha anchito. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Pauling, ngakhale anasenza kavalo, sanasenze njanji.

Sindinena kuti timnyoze, pakuti njira imene anatsegula ikali kunyamula katundu pakati pa Beira ndi Mutare, ndipo eni dziko ndiwo akuiyendetsa tsopano. Ndinena kuti ife amene tidzamanga misewu, maulalo ndi njanji za m'tsogolo tiphunzire kwa iye kupita kukaona malo ndi maso athu tisanatchule mtengo, koma pa pepala lathu tionjezepo mizere imene iye anaisiya: madzi abwino a anchito, mankhwala ao, malipiro ao, ndi chilolezo cha eni nthaka. Njanji yotere idzaoneka yokwera mtengo, koma ndiwo mtengo wache weniweni, umene kale unali kulipidwa ndi anthu osauka mwakachetechete.

Tikatsekera sukulu ndidzapita kwa agogo ndi magazini ino m'manja. Maso ao anafooka, chotero ndidzawawerengera ine pakhonde pomwe paja. Ndidzawauza kuti sitima yao inali kukhota chifukwa kukhota kunali kotsika mtengo kuposa kuboola phiri. Ndikuwadziwa bwino agogo anga: adzagwedeza mutu, ndipo pambuyo pache adzandifunsa kuti anthu amene anakumba njirayo anali a kwa yani.

Wophunzira wa Fomu 4